Ntchito zitatu za mtsikana wojambula zithunzi wa kuno kuchigwa, ndi momwe diso lake lasinthira

Pakhoma la chipinda changa chochezera kuno ku Ngabu pali zithunzi ziwiri zopachikidwa moyandikana, ndipo alendo ambiri akaziona amaganiza kuti zinajambulidwa ndi anthu awiri osiyana. Choyamba ndi cha mwana wa mchimwene wanga pa tsiku la chinkhoswe chake mu Okutobala 2023. Nkhope yake yayera mbuu ngati wadzola ufa, ndipo kumbuyo kwake kuli kapinga wobiriwira ndi maluwa omwe sanamerepo m'mudzi mwathu chiyambire. Chachiwiri ndi cha mayi anga, chojambulidwa mu Meyi 2025, atakhala pampando wandalema pansi pa mtengo wa nimu, khungu lawo lili lakuda monga momwe Mulungu anawalengera, makwinya onse akuoneka, maso akuwala ngati akufuna kukufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Zonse ziwiri anajambula ndi mtsikana mmodzi, wophunzira pa koleji ina mumzinda wa Blantyre, yemwe kwawo ndi konkuno kuchigwa cha Shire, ndipo pa nthawi ya tchuthi amajambula zithunzi komanso kukonza makadi, zikwangwani ndi malebulo kuti apeze ndalama ya fizi ndi ya chakudya.

Ndamupatsa ntchito katatu m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo popeza amayi anzanga a ku Mvano ndi a ku banki m'khonde akhala akundifunsa ngati n'koyenera kumupatsa ndalama zawo, ndaona kuti ndi bwino ndilembe zomwe ndaona, zokoma ndi zowawa zomwe. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina zomwe ndinene ndi madandaulo, ndipo mwana amene akadali pasukulu sayenera kusenzetsedwa mbiri yoipa pagulu chifukwa cha zolakwa zomwe mwina chaka chamawa adzakhala atazisiya.

Ntchito yoyamba inali ya chinkhoswe chija. Tinamusankha chifukwa mtengo wake unali wotsika kusiyana ndi wa ojambula odziwika a pa Nchalo, komanso chifukwa ine, monga zakhali wa mwanayo, ndinali nditaona zithunzi zake pa Facebook n'kukopeka nazo. Anafika m'mamawa pa kabaza atanyamula kamera yakalekale ya Canon yomwe anabwereka kwa mnzake wa m'kalasi, lenzi imodzi ndi batire limodzi. Aliyense wodziwa Okutobala wa kuno akudziwa kuti kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo monga zimakhalira ndi zinkhoswe zathu, mwambo womwe unayenera kuyamba 9 koloko unayamba dzuwa lili paliwombo. Pomwe ankhoswe ankasinthana tambala ndi msoti, kamera inali ikugwira ntchito, koma nthawi ya perekaniperekani isanathe batire linali litatha, magetsi atazima, ndipo mbali yotsala ya mwambowo anaijambula ndi foni yake. Zithunzi zinabwera patatha masabata asanu ndi awiri.

Titatsegula envelopu, agogo ake a mwanayo anayang'ana chithunzi chachikulu kwa kanthawi n'kufunsa kuti kodi mtsikana wachikaladi ameneyu anali mlendo wa ndani. Tonse tinaseka, koma funsolo linali loona. Chomwe chinachitika ndinadzachimvetsa pambuyo pake, wojambulayo atandifotokozera yekha mopanda kudziikira kumbuyo. Kamera ikamayeza kuwala imayesa kuti zonse zomwe zili patsogolo pake, zikaphatikizidwa, ziyenera kukhala zotuwa mwapakatikati, osati zoyera kapena zakuda. Tsono ikaona tenti yoyera, dothi lowala ndi dzuwa komanso chovala chonyezimira, imachepetsa kuwala kolowa, ndipo nkhope ya munthu wakuda imasanduka mdima, maso n'kubisala m'mithunzi ya zikope. Wojambula wosazolowera amathamangira pa kompyuta kukawalitsa nkhopeyo ndi pulogalamu yokonzera zithunzi yotchedwa Photoshop, ndipo akapitirira muyezo khungu limatuwa, timizere tonse ta nkhope n'kufufutika, munthu n'kuoneka ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Vuto limeneli ndi lakale kuposa mtsikanayu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu kuti aziyezerapo mitundu, kotero kuti kwa nthawi yaitali makina ankakonzedwa poyang'ana khungu loyera, ndipo ojambula anthu akuda ankayenera kudzipezera okha njira.

Komabe sindingaike mlandu wonse pa makina. Kuyeretsa khungu ndi kuchotsa mudzi kumbuyo kwa munthu n'kuikapo kapinga wa pa intaneti sinali ngozi, chinali chisankho, ndipo chinachokera pa zomwe achinyamata amaona tsiku lililonse pa Facebook ndi pa Instagram. Ndiyenera kuvomerezanso kuti mwini chinkhoswe anachikonda kwambiri chithunzicho, anachiika pa foni yake miyezi ingapo, ndipo anzake anathamangira kukafunsa nambala ya wojambulayo. Makasitomala ambiri a kuno amachita kupempha okha kuti awayeretseko pang'ono, ndiye mwana wofuna ndalama ya fizi angakane bwanji? Kwa ine chinali chikomekome cha mkuyu, chifukwa chithunzi chomwe agogo sangazindikire mdzukulu wawo chalephera ntchito yomwe tinachilipirira.

Chomwe chinandichititsa kuti ndimupatsenso ntchito sichinali mu envelopu. Ndinapempha kuti andionetse zithunzi zonse zomwe zinali pa memori khadi, ndipo pakati pa zomwe ankafuna kufufuta ndinapeza pafupifupi makumi awiri zomwe anajambula kuseri kwa nyumba m'mamawa, mwambo usanayambe. Popeza ndi mtsikana, amayi ophika sanamuthamangitse monga akanachitira ndi mnyamata, ndipo anamuiwala n'kumapitiriza ntchito yawo. Munali mayi akuvundula nsima m'chimphika ndi mthiko wautali ngati nkhafi, utsi ukudutsa m'kuwala kwa dzuwa lotuluka kumene. Munali ana awiri akulimbirana chikho cha thobwa. Munali apongozi anga akuseka atagwira mpeni m'dzanja limodzi ndi mwendo wa mbuzi m'dzanja lina. Palibe chomwe anakonzapo pa zithunzi zimenezi, chifukwa kwa iye sizinali ntchito. Ndinamuuza kuti, "Mwananga, zomwe ukufuna kutayazi ndizo zithunzi, zinazi ndi zokongoletsa chabe." Anangoti, "Amayi, zimenezo palibe angazigule." Ndinagula zisanu tsiku lomwelo.

Ntchito yachiwiri inayamba mu Januwale 2024 ndipo inali ya malebulo. Gulu lathu la amayi 18 limagulitsa ufa wa malambe ndi ufa wa mapira pamsika wa Ngabu komanso kwa apaulendo a pamsewu wa M1, ndipo eni sitolo ena a ku Blantyre anatiuza kuti sangaike pashelefu katundu wa m'majumbo opanda dzina. Chomwe anatitumizira poyamba pa WhatsApp chinandikhumudwitsa. Panali mathithi a dziko lina, tambula ya madzi a malalanje, nyenyezi zagolide m'makona, zilembo za mitundu isanu, ndipo mawu onse anali m'Chingerezi ngakhale kuti ogula athu ambiri amawerenga Chichewa ndipo amayankhula Chisena kapena Chimang'anja. Nditamufunsa kuti mlambe uli pati, anayankha kuti katundu akaoneka wakunja ndi pomwe anthu amamukhulupirira. Yankho limeneli silinali lopusa, pakuti m'masitolo mwathu zimachitikadi, koma ndinamuuza kuti ngati lebulo yathu ifanana ndi ya madzi a zipatso ochokera ku South Africa, wogula adzatenga a ku South Africa enieniwo n'kusiya athu.

Tinakangana kwa masabata angapo, ndipo pa tchuthi cha Isitala anabwera yekha, popanda kumuitana, n'kupempha kuti amayi amuperekeze komwe amatola malambe. Anatha tsiku lonse akujambula mitengo, zipatso zoswedwa, manja a amayi akusefa ufa, ngakhale dothi lakuda la makande lomwe kuno ku Ngabu limang'ambika m'chilimwe n'kusanduka phala m'dzinja. Patatha masiku khumi anabweretsa chinthu china kotheratu: mlambe umodzi wojambulidwa ndi dzanja, wopanda masamba, wonenepa thunthu monga ilili milambe ya kuno, pansi pake mzere wofiirira wa mtundu wa ngala ya mapira, ndi zilembo za mtundu umodzi wokha, zazikulu pa dzina ndi zazing'ono pa zotsala. Anasiyanso malo olembapo kulemera kwa ufa, tsiku lopangidwa, tsiku lothera ntchito ndi keyala ya gulu, zinthu zomwe bungwe la Malawi Bureau of Standards limayang'ana pa zakudya za m'mapaketi, ndipo ife sitinaziganizireko n'komwe.

Apa padabukanso vuto lina lomwe linatidyera ndalama. Malebulo 200 oyamba atabwera kuchokera kosindikiza ku Blantyre, mzere wofiirira uja unali utasanduka wa mtundu wa matope. Chifukwa chake n'chakuti sikirini ya kompyuta imapanga mitundu pophatikiza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, komwe a ntchitoyi amakutcha RGB, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi zomwe amazitcha CMYK, ndipo mitundu ina yowala pa sikirini siingatuluke chimodzimodzi papepala. Wodziwa ntchito amasintha fayilo yake asanaitumize ndipo amayamba wasindikiza pepala limodzi loyesera, koma iye sanachite zonse ziwiri. Chomwe ndinamulemekeza nacho n'chakuti sanaloze chala osindikiza, anavomera kulakwa ndipo anabweza theka la ndalama yomwe tinamulipira. Pa nthawiyo mitengo ya inki ndi mapepala inali itakwera kale kutsatira kugwa kwa Kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti kusindikizanso ndi mitundu kukanatimaliza. Iye ndiye anabwera ndi nzeru yakuti tichotseretu mzere wofiirawo, tisindikize ndi inki yakuda yokha papepala la khaki, ntchito yomwe makina wamba a m'sitolo zolembera pa Nchalo amatha kugwira. Lebulo imeneyo ndi yomwe tikugwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo kunena zoona ndi yokongola kuposa yamitundu ija. Mlambe uja umaoneka bwino ngakhale utachepetsedwa kufika kukula kwa ndalama yachitsulo, moti tinaudinditsanso pa chidindo cha gulu.

Monga mphunzitsi wopuma, sindingadutse osanena za kalembedwe. Chichewa cha mtsikanayu, monga cha anzake ambiri ophunzira, n'chofooka papepala. Pa lebulo yoyamba analemba "mchigwa" pomwe panayenera kukhala "m'chigwa", ndipo mawu ena anawadula pakati pa mzere molakwika. Zina sizinali zolakwa zake zenizeni koma za zilembo zomwe anasankha, pakuti mitundu yambiri ya zilembo za pa kompyuta ilibe chilembo cha ŵ, ndipo titafuna kulemba Malaŵi mwa kalembedwe kameneko panatuluka kabokosi m'malo mwa chilembocho. Tsopano amayamba wayesa ngati zilembo zili ndi ŵ komanso ngati kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ombe ndi Mang'anja kakuoneka bwino, koma aliyense womupatsa ntchito ya khadi la ukwati kapena ndondomeko ya mwambo wa chiliza awerenge yekha mawu onse, makamaka mayina a anthu, asanalole kuti zipite kosindikiza.

Ntchito yachitatu ndiyo yandichititsa kulemba zonsezi. Mayi anga kwawo ndi ku Makhanga, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 anawatengera nyumba, mbuzi ndi sutikesi momwe munali alubamu ya banja lathu, kuphatikizapo chithunzi chokhacho cha malemu bambo anga. Mabanja ochuluka a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ali ndi nkhani yofanana nayo, kaya ndi ya chaka chimenecho, ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 kapena wa Freddy mu Malichi 2023. Chodabwitsa n'chakuti ndife anthu ojambulidwa kwambiri m'nyengo zimenezi, koma zithunzizo sizikhala zathu. Zimakhala za m'nyuzipepala ndi za m'malipoti a mabungwe, ndipo munthu wa kuchigwa amene dziko limamudziwa ndi uja wakhala pamsasa wa othawa madzi, kapena wasenza thumba la chimanga cha thandizo, kapena akukumba nyika m'dambo chaka cha njala. Zimenezo zimachitikadi, koma mayi anga si thumba la chimanga, ndipo ndinkafuna kuti adzukulu awo adzakhale ndi chithunzi chowaonetsa monga momwe iwo eni amadzionera.

Mtsikana amene anabwera m'mawa umenewo anali wosiyana ndi wa pa chinkhoswe uja. Anachita kunena yekha kuti afika 6 koloko, chifukwa anali ataphunzira kuti dzuwa la kuno limamukomera wojambula m'maola awiri oyamba a m'mawa ndi chakumadzulo kokha. Sanayambe ndi kutulutsa kamera. Anakhala pamphasa n'kuyamba kucheza ndi mayi m'Chisena, kuwafunsa za ku Makhanga, za sitima yomwe inkadutsa pa mlatho wa Chiromo, za mtengo wa thonje masiku amakedzana, mpaka mayi anaiwala manyazi awo. Kenaka anawapempha kuti asankhe okha chitenje chomwe amachikonda, n'kuchimangirira pa chingwe pakati pa mtengo wa nimu ndi nsanamira ya khonde. Mdzukulu wanga anapatsidwa katoni yomatidwa pepala loyera kuti aigwire chapansi, moyang'anitsa kudzuwa, kuti kuwala kubwerere pankhope ya agogo ake n'kuchotsa mdima wa m'maso. Kuwala anakuyezera pankhope osati pa chitenje, ndipo anandiuza kuti tsopano amajambula mu RAW, mtundu wa fayilo womwe umasunga zambiri kuposa mtundu wamba wotchedwa JPEG, kotero kuti akamakonza pa kompyuta ndi pulogalamu yotchedwa Lightroom amatha kutulutsa zobisika mumthunzi popanda kutuwitsa khungu.

Atawafunsa ngati akufuna kugwira kanthu, mayi anatuma mwana kuti akatenge wailesi yawo. Wojambulayo anaseka mpaka kugwira pakamwa, ndipo anatifotokozera kuti m'kalasi anaphunzira za Seydou Keïta, wojambula wa ku Bamako m'dziko la Mali yemwe anatsegula situdiyo yake mu 1948, amene ankajambula anthu pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, kumbuyo kwawo atapachika nsalu zamaluwamaluwa, ndipo makasitomala ake ankakonda kujambulitsa ndi wailesi, njinga kapena wotchi. Mayi sanamvepo za munthu ameneyu, koma anachita zomwezo, ndipo pachithunzicho wailesi ili pamiyendo pawo, dzanja limodzi lili pamwamba pake ngati akusisita mwana.

Apa wina angafunse ngati mtsikanayu sanangosintha womukopera, kuchoka kwa ojambula a pa Instagram kupita kwa mkulu wa ku Mali. Funsoli ndalilingalira, ndipo yankho langa n'lakuti mbali ina ndi zoona. Palibe mmisiri amene amayamba popanda kuonera kwa wina, ndipo chitenje cha kumbuyo si nzeru yake. Kusiyana kwake n'kwakuti poyamba ankabwereka maonekedwe omwe ankafuna kuti munthu wathu asinthidwe kuti awayenere, pomwe tsopano wabwereka njira yomwe imayamba ndi kufunsa munthuyo. Ndipo pali kanthu kena komwe ndakaona pa zithunzi zake zonse za chaka chino komwe ndikukhulupirira kuti n'kake. Salola kuti chitenje chidzaze chithunzi chonse. Amasiya dala mpata m'mbali, kotero kuti kuseri kwa nsalu kumaoneka thunthu la nimu, ngodya ya khola, mchira wa mbuzi kapena mgwalangwa uli patali m'fumbi. Pa chithunzi cha mayi, kumanzere kukuoneka chingwe chomangira chitenjecho ndi phazi la mdzukulu wogwira katoni uja. Nditamufunsa ngati anaiwala kudula mbali imeneyo, anayankha kuti, "Ayi amayi, ndimafuna aziona kuti ndi kwathu." Munthu yemwe chaka ndi theka chapitacho ankafufuta mudzi ndi yemwe tsopano akukana kuudula. Mitundu yakenso yakhazikika pa yomwe ija ya pa lebulo, yakuda, ya khaki ndi yofiirira, moti khadi lake ndimatha kulizindikira ndisanaone dzina.

Chomwe ndikuopa n'chakuti njira imeneyi ingasanduke yunifolomu. Anthu aikonda, ndipo pafupifupi aliyense amene wamujambula miyezi yapitayi wamuika patsogolo pa chitenje, kaya ndi mwana wobatizidwa kumene kaya ndi mnyamata wa kabaza. Diso lomwe linaona amayi ophika kuseri kwa nyumba, osakonzekera, utsi uli m'maso, silikuonekanso kawirikawiri, ndipo ndinamuuza kuti ngati alitaya adzakhala wataya chinthu chomwe anabadwa nacho pofuna kusunga chomwe anachita kuphunzira.

Kaperekedwe ka zithunzi za ulendo uno kanali koganiziridwa bwino. Kuwonjezera pa chachikulu cha mu fulemu, anatumiza mafayilo pa WhatsApp ngati dokyumenti, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa ndipo sichisindikizika bwino chikakulitsidwa, n'kutilangiza kuti tisunge zina pa intaneti kudzera pa Google Drive ndi zina pa memori khadi kwa m'bale wokhala kumtunda. Mwana wokulira kuchigwa yekha ndi amene angaganize zoti chithunzi chiyenera kuthawitsidwa ku madzi chisanapachikidwe n'komwe. Mayi atalandira fulemu anaiyang'ana nthawi yaitali, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje ngakhale inalibe fumbi, n'kunena kuti, "Takhuta, mwananga."

Madandaulo anga akuluakulu ndi a kayendetsedwe ka ntchito. Nthawi sasunga, ndipo ikafika nyengo ya mayeso foni yake imangolira osayankhidwa, popanda ngakhale uthenga wonena kuti watanganidwa. Palibe chomwe amalemba, kaya mgwirizano kaya lisiti; amalandira theka la ndalama poyamba kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo zotsalazo zimayendera kukhulupirirana, zomwe zimakoma pokhapokha zinthu zikuyenda bwino. Zithunzi zazikulu zimasindikizidwa ku Blantyre n'kutumizidwa pa minibasi kutsika mapiri mpaka pa Thabwa, ndipo fulemu imodzi ya mayi wa m'gulu lathu inafika galasi litasweka, popanda wodziwa kuti alipire ndani. Chomwe chinandipweteka koposa n'chakuti anaika chithunzi cha mayi anga pa Facebook osapempha chilolezo, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachifuwa pawo. Ndikumvetsa kuti wophunzira amafunika kuonetsa ntchito yake kuti apeze makasitomala, ndipo atandifunsa mwina ndikanalola, koma nkhope ya munthu wamkulu si chikwangwani cha malonda. Nditamuimbira anachichotsa tsiku lomwelo ndipo anabwera kudzapepesa kwa mayi atagwada. Kuyambira pamenepo amafunsa kaye, ndipo dzina lake amaliika pakona ndi zilembo zazing'ono.

Pa luso lenileni, akadali wofooka pa zithunzi za gulu lalikulu, pa anthu ovina ndi pa chilichonse chochitika dzuwa litalowa, chifukwa alibe fulashi ndipo lenzi ikadali imodzi, ngakhale kuti batire lachiwiri anagula. Vidiyo sajambula. Wofuna chithunzi cha chiphaso lero lomwe apite ku masitudiyo a pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, omwe amatulutsa pomwepo ndipo mtengo wawo ndi wotsika. Wokonza ukwati wa anthu mazana alembe wojambula wokhazikika wokhala ndi makamera awiri, ndipo ngati ndalama ilipo atenge mtsikanayu ngati wachiwiri n'kumutumiza kukhitchini ndi kuseri kwa nyumba. Koma wofuna chithunzi cha kholo lake lokalamba, khadi losadzadza ndi maluwa apulasitiki, kapena chizindikiro cha kabizinesi chomwe chingasindikizidwe motsika mtengo, sindikudziwa wina kuno kuchigwa amene angamuchitire bwino kuposa iyeyu. Mtengo wake wa chithunzi chimodzi ndi wokwera kuposa wa pasitudiyo, ndipo ena amadandaula, koma amaiwala kuti pasitudiyo amakhalapo mphindi zisanu pomwe iye amatha ola lathunthu ndi munthu mmodzi.

Pakadali pano amayi a Mvano a pampingo pathu amupatsa ntchito ya kalendala ya chaka chamawa, ndipo ulendo uno ndinaumirira kuti tilembe papepala mtengo, chiwerengero cha zithunzi, tsiku lobweretsa ndi yemwe alipire galasi likasweka. Anasayina pamaso pa amayi apampando mosanyinyirika, n'kupempha kope lake. Chomwe sitinagwirizane ndi zithunzi zenizenizo. Iye akufuna kujambula mayi aliyense pomwe amagwira ntchito, wina kudimba m'mbali mwa Shire, wina m'munda wa thonje, wina akugulitsa nsomba zouma pamsika, pomwe amayi ambiri akuti sangalole kupachikidwa pakhoma chaka chathunthu ali ndi matope m'miyendo, ndipo akufuna yunifolomu yawo yositidwa bwino, ataima kutsogolo kwa tchalitchi. Ine ndili mbali ya mtsikanayu, ngakhale ndikudziwa kuti ndi iye mwini amene anatiphunzitsa kuti wojambulidwa ndiye asankhe momwe akufuna kuonekera, ndipo amayi apampando anamukumbutsa mawu amenewo pamaso pa onse. Wapempha kuti Lachinayi likudzali abwere ndi zithunzi ziwiri za mayi mmodzi, china cha kudimba ndi china cha mu yunifolomu, kuti amayiwo akasankhe ataziona.